Gologolo Aphunzitsa Nyani Chingerezi

Zinachitika chaka chija mvula inadula chimanga chili m'mawondo. Kuthengo kunalibe masuku, kunalibe matowo, ndipo nyama zinkayenda nthiti zili pamtunda. Chakudya chinatsala malo amodzi okha, pa esiteti yothirira ya kutsidya kwa dambo. Koma kumeneko kunali alonda a zibonga, ndipo tsiku lililonse ankawasintha malo.

Gologolo yekha ndiye sankadandaula. Iyeyu anakulira kudenga la sukulu ya pulayimale, kumvetsera aphunzitsi akuwerenga nkhani m'Chingerezi, pang'onopang'ono, kawiri konse, kenako n'kufunsa ana mafunso. Tsono bwana Kamphinda, manijala wa esitetiyo, ankakonda kulamula kapitawo wake m'Chingerezi kuti antchito adziwe kuti munthu anafika ku koleji. M'mawa uliwonse Gologolo ankakhala mumtengo wa mango pafupi ndi ofesi, makutu ali tcheru, n'kutola zinthu zitatu zokha: alonda angati, munda uti, nthawi yanji.

Mbiri sigonera. Tsiku lina kunabwera Nyani ndi Nguluwe, onse maso ali psuu ndi njala.

"Iwe mphwanga, tamva kuti Chizungu umachimva," anatero Nyani. "Kuyambira lero uzitiuza komwe kulibe alonda. Ukakana, ndiwo zathu ndiwe."

"Aa, achimwene, zochepa zomwezo mpaka kuopsezana? Mwana wanu ndine, nditumeni."

M'mawa mwake bwana anati alonda onse akhale ku chimanga, ku mtedza kusapite munthu. Gologolo anatsika nkhope ili yachisoni.

"Zavuta, akuluakulu. Ku chimanga alonda, ku mtedza alondanso. Kwatsala ku chinangwa kokha, kuseri kwa phiri."

Awiriwo anakwera phiri dzuwa lili pamutu n'kukapeza chinangwa chowawa, choti ngakhale mbuzi ingachilavule. Gologolo tsiku limenelo anadya mtedza mpaka kugona chagada.

Mkuja wake bwana anati alonda awiri alondere mtedza woyanika pabwalo. Gologolo anauza akuluakulu aja kuti chimanga cha pafupi ndi bwalolo chilibe mwini. Atangothyola chimodzi, alonda anasiya mtedza n'kuwathamangitsa mpaka kudambo, Gologolo n'kutsala akututa mwaufulu.

Nyani anabwera akutsimphina, n'kumuyang'ana bwinobwino mnzakeyo.

"Ife tikuwonda, iwe masaya akusefukira. Chingerezi chimenechi chimanenepetsa womasulira yekha?" Anamugwira mchira, gwa! "Utiphunzitse tizidzimvera tokha. Mchirawu sindiusiya mpaka nditachidziwa."

Sukulu inatsegulidwa pansi pa mkuyu, mphunzitsi mchira uli m'manja mwa wophunzira. Gologolo analibe cholinga chogawa nzeru zomwe zinkamudyetsa, ndiye anawaphunzitsa chimene anachiona kawirikawiri kuchokera kudenga kuja.

"Choyamba, khalani phee. Chachiwiri, gwedezani mutu. Chachitatu, ndikafunsa kuti mwamva, yankhani pamodzi mokweza kuti, 'Yesi ticha!' Amene anganene kuti sanamve ndiye mbuli ya kalasi."

Masiku anayi thengo lonse linkangomveka "Yesi ticha!" Nguluwe ankagwedeza mutu mpaka khosi kuwawa, ndipo Nyani anayamba kuyenda mwachibwana, kupereka moni kwa agulugufe.

Tsiku lachisanu onse atatu anabisala m'tchire kuseri kwa ofesi. Koma m'malo mwa bwana Kamphinda, panaima mzungu wamtali, mwini esiteti, amene anali atangofika kuchokera kwawo. Mzunguyo anatsegula pakamwa n'kuyamba kulamula. Chingerezi chake sichinali cha aphunzitsi chija, choyenda ngati ngolo. Ichi chinkatulukira m'mphuno, mawu onse ogwirana, ndipo sanabwereze kawiri. Gologolo sanatole ngakhale chimodzi, osati munda, osati nthawi.

"Wati chiyani?" ananong'ona Nyani, akufinya mchira.

Gologolo anaganiza msangamsanga. Akanena kuti sanamve, ntchito yake yatha, ndipo wopanda ntchito ndi ndiwo. Anakhosomola ngati mphunzitsi wamkulu.

"Lero ndi mayeso, ana inu. Mwamva zimene wanena bwanayu?"

"Yesi ticha!"

"Mwakhoza. A Nyani, fotokozerani kalasi."

Nyani anakanda m'khwapa, n'kuyang'ana Nguluwe. Kuvomera umbuli pamaso pa chinyama chofukula pansi ndi mphuno? Zosatheka.

"Wati... alonda onse apite kukalandira alendo. Minda ili yokha."

"A Nguluwe, mukugwirizana nazo?"

"Ndendende! Ine ndamvanso kuti tidye mosafulumira."

"Ana anzeru! Pitani mukadye, ine ndikudikirani pano."

"Aphunzitsi sangatsale," anatero Nyani. "Tiyeni mukalawe zipatso za ntchito yanu."

Analowa m'munda wa chimanga masana dzuwa likuswa mtengo, Gologolo akulendewera chadodolido. Alonda kunalibedi, ndipo Nyani anayamba kudzitama kuti Chingerezi n'chosavuta. Ali mkati mosenda chimanga chachitatu, kunamveka kuuwa kumene thengo limenelo linali lisanamvepo. Zimene ankanena mzungu uja n'zakuti wabwera ndi agalu anayi, aakulu ngati ana a ng'ombe, ndipo alonda achoke m'minda kuti agaluwo ayendemo okha.

Nguluwe anaboola mpanda ndi mutu. Nyani anathawa liwiro la mtondo wadooka, koma mchira wa mphunzitsi osausiya. Galu woyamba atamuluma pokhalira m'pamene anatambasula dzanja, Gologolo n'kugwera pakamwa pa galu wachiwiri. Anapulumuka, koma ubweya wa kunsonga kwa mchira unatsala komweko.

Madzulo Nyani anafika pansi pa mkuyu, kukhala pansi kukumukanika. Gologolo anali pa kanthambi kakumwamba kwenikweni, koti nyani sangapondepo, akunyambita mchira wake wosupuka.

"Tsika, mfiti iwe! Unkadziwa za agalu!"

Apa Gologolo akanatha kunena zoona, kuti nayenso sanamve kanthu, mwina akanamukhululukira. Koma pakati pa kutchedwa mfiti ndi kutchedwa mbuli, mphunzitsi wathuyu sanachedwe kusankha.

"Ndinamva zonse, achimwene. Agalu anawatchula katatu. Ndinakufunsani ngati mwamva, inu munayankha chiyani?"

Gologolo anaseka mpaka nthambi kugwedezeka, ngakhale kuti ululu wa mchira unkamutulutsa misozi. Mpaka lero sanatsikebe bwinobwino, ndipo mukamuona akudumpha kuchoka nthambi iyi kupita iyo, dziwani kuti pansi pali ophunzira ake awiri amene akumudikira kuti awapatse zotsatira za mayeso.