Khungu la Felesiya

Panali mayi wina, telala wa ku Ndirande, dzina lake Felesiya. Panatha zaka khumi ndi ziwiri asanaponde kwawo, ndiye abale anamuitana ku mwambo wa chiliza cha bambo ake. Mantha ake anali amodzi: abale akaona makwinya ake, adzati tauni yamutafuna.

Anapita ku famase. Wogulitsa mankhwala anamuonetsa kabotolo.

"Mafuta awa muli peputayidi, mayi, tizidutswa ta puloteni topangidwa ku labotale. Anawayeza, ndipo zonse zili m'katimu zalembedwa apa. Muyambe mwapaka pamkono, muone ngati sakukuyabwani. Koma amagwira pang'onopang'ono, miyezi iwiri kapena itatu."

Felesiya anangotolapo mawu awiri, labotale ndi miyezi. "Zopanga anthu pankhope panga? Ayi, pepani."

Padepoti anapeza bambo wogulitsa mafuta m'tizitini topanda dzina. "Awa ndi achilengedwe, mayi. Masiku asanu basi." Sanafunse n'komwe kuti chilengedwe chake n'chiti. Anagula tiwiri, kuopa kuperewera.

Bamboyo sananame. Makwinya anafufutika, nkhope inayera mbee, n'kumanyezimira ngati mbale yotsuka kumene. Koma inkazizira. Timitsempha tinayamba kuonekera pansi pa khungu, ndipo akaseka, masaya ankachedwa kumutsatira. Mwiniwake pagalasi ankangoti zatheka.

Tsiku la chiliza anafika kumanda dzuwa lili paliwombo, amayi ali pakati pa nyimbo. Atamuona, anasiya kuimba mmodzimmodzi. Anamupatukira njira, iye n'kumayesa ulemu. Kenako panabwera azakhali ake, amene ankasambitsa maliro m'mudzimo. Anamukhudza tsaya ndi kuseri kwa dzanja, n'kulichotsa msanga.

"Ndine Felesiya, azakhali."

"Mawuwo ndawazindikira, mwana wa achimwene. Koma khungu ili ndikulidziwa. Lotere ine ndimalisambitsa, sindilipatsa moni."

Palibe anaseka. Felesiya anaima yekha pakati pa abale ake. Anafuna kulira, koma misozi inkamuwotcha ngati tsabola.

Inu amene mukundimva, chinthu sichiopsa chifukwa chapangidwa ndi anthu, ndipo sichikoma chifukwa akuchitcha chachilengedwe. Mwabvi nawonso ndi mtengo. Funsani chili m'katimo, funsani anachiyeza ndani, ndipo chochedwa musachinyoze. Koma chimene chikukana kutchula dzina lake, musachipatse nkhope yanu.