Mphunzitsi Amene Anaviika Chinangwa M'kachidebe

Panali munthu wina cha ku Nkhotakota, mphunzitsi wa sayansi pa sekondale, womanga tayi ngakhale dzuwa la Okutobala liswe mtengo. Phunziro limene ankanyadira nalo linali la difyushoni. Ankajambula pa bolodi tizipinda ting'onoting'ono timene timapanga thupi la chamoyo, ati maselo, kalikonse ndi kakhungu kake kopyapyala. Ankati chinthu chikachuluka mkati chimadutsa pa kakhunguko kupita kunja kumene chili chochepa, ndipo mbali ziwirizo zikalingana, basi, mkatimo sichicheperanso. Ana ankaloweza m'Chingerezi, iye n'kukhutira.

Chaka china chimanga chinavuta. Mkazi wake anali ku Dedza kukadwazika mayi ake, iye anatsala ndi mwana wawo Sekanawo, wa zaka zisanu. Mlongo wake wamkulu, Esinati, amene analekeza Sitandade 4, anamusenzera dengu la chinangwa kuchokera kumudzi.

"Achimwene, ichi n'chowawa," anatero Esinati. "Musende, muviike mu mgolo, madzi ambiri, masiku anayi. Madzi akachita thovu mutaye, muthire ena."

Pakhonde panali aphunzitsi anzake awiri akusewera bawo. Munthuyo anayang'ana mapazi a fumbi a mlongo wake.

"Tamva, mayi. Za madzizo tisiyireni ife amene tinapita kusukulu."

Esinati anatola nkhata yake nabwerera osamwa ndi madzi omwe.

Mjigo unali kuseri kwa makalasi, ndipo mphunzitsi wa tayi sangaoneke ndi ana asukulu akupopa madzi kasanu. Choncho anapanikiza chinangwa chonse m'kachidebe kamodzi, timadzi tongofika pamwamba. Patapita masiku awiri anavuula, nayanika, nagayitsa. Tsiku limene anaphika nsima ya kondoole ndi ufawo, iye anangolawa n'kuthamangira ku kalasi. Mwana anadya mpaka kukhuta. Pofika masana Sekanawo anali kusanza, maso atatembenuka, miyendo ikukana kuima.

Esinati anawapeza kuchipatala, mwana ali pa diripi. Sanakalipe. Anafunsa funso limodzi.

"Madzi munasintha kangati?"

Munthuyo anayang'ana pansi.

"Achimwene, madzi amakhuta ngati munthu. Akakhuta kuwawa salandiranso kwina. Kotsalako kumakhala m'chinangwa kudikira mwana."

Zaka khumi ndi chimodzi munthuyu akujambula zimenezi ndi choko, ndipo anazimva koyamba tsiku limenelo, pakamwa pa wa Sitandade 4. Anafuna nthaka imumeze.

Mwana anachira pa tsiku lachitatu. Esinati anamubereka kumbuyo, nati, "Uyu ndapita naye kumudzi mpaka mayi ake abwere." Bambo wake sanatsutse.

Lolemba munthuyo analowa m'kalasi atanyamula kachidebe kaja, nakaika pa tebulo. Anafotokoza zonse, osabisa kanthu, ngakhale za mjigo. Kenaka anati, "Ana anga, difyushoni mumaidziwa. Tandiuzani chifukwa chake chinangwa chija chinatsala pang'ono kupha mwana wanga."

Ana makumi asanu ndi limodzi, ambiri a iwo odya kondoole chibadwire. Anayang'anizana. Mtsikana amene ankakhala nambala wani anaimirira, nalakatula tanthauzo lonse m'Chingerezi osaphonya liwu, nakhala pansi. Za chidebe sananene kanthu. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anadziwa kuti za pa bolodi zija ndi zomwe amayi awo amachita poviika chinangwa ku dambo sabata iliyonse.

Munthuyo anakhala pa mpando, choko chili m'manja.

Tsono inu ophunzira inu, amene mumatiyankha ngati tikukusokoserani. Sitikukana, mabuku munawerenga. Koma wa Sitandade 4 akakuuzani kuti tayani madziwo, yambani mwataya, Chingerezicho munene pambuyo pake. Mukapanda kutero, wokagona pa diripi si inu ayi, ndi mwana.