Mtsuko Umene Unadya Mlatho

Iwe Mwandida, taika foniyo pansi. Makutu amenewo Mulungu sanakupatse kuti uzitsekamo timawaya. Ine sukulu ndinalekera sitandade thu, koma ichi ndikuuze apachi aphunzitsi ako sachidziwa, ndiye khala bwinobwino.

Panali Nungu ndi Nkhanga, ndipo anakangana chifukwa cha mtsuko. Ankakhala m'katauni kakang'ono ka nyama, msika tsidya lino, mtsinje pakati, ndiye khoti, chigayo ndi chipatala tsidya linalo. Nungu anali meya wa khonsolo, wosaba, wosaledzera, koma kungomukhudza pang'ono minga yonse njo! Nkhanga ankagulitsa thobwa pamsika, pakamwa posatseka ngakhale akutafuna.

Aliyense wogulitsa pamsikapo ankathira kambale ka mapira m'nkhokwe ya khonsolo. Chaka chimenecho mapirawo anali ndi ntchito imodzi basi, kulipira Njati kuti akoke mitengo ya mlatho watsopano, poti wakale chiswe chinali chitaumaliza. Aliyense ankadziwa kuti mvula ikafika mlatho usanamangidwe, kulibe wogayitsa, kulibe wokafika kwa dokotala.

Tsiku lina Mfuko, wantchito wa khonsolo, ankakumba ngalande. Paja Mfuko saona bwino. Anatulukira pansi penipeni pa mtsuko wa Nkhanga, mtsuko phwaa, thobwa lonse m'dothi. Nkhanga anatola phale limodzi n'kulunjika ku ofesi.

"A meya, wantchito wanu wandiswera mtsuko, wondisiyira malemu amayi. Mungonena pepani, mundigulire wina, nkhani ithere pompano."

"Mayi, khonsolo sipepesa," anatero Nungu, minga itaima kale. "Ikapepesa lero, mawa aliyense wopunthwa pamsewu abwera kudzandionetsa chala."

"Ndiye tikaonana kukhoti!"

"Njira mukuidziwa."

Mumtengo wa pa ofesipo munali akhwangwala awiri apachibale, maloya, makolala oyera m'khosi. Wamkulu anatera kwa Nungu n'kunong'ona, "Bwana, musagonje, mlandu uwu tawina kale." Wamng'ono anatsatira Nkhanga: "Mayi, akunyozani, mlandu uwu tawina kale." Malipiro awo anali lichero la mapira tsiku lililonse lomwe aponda m'khoti, kaya mlandu wakambidwa, kaya sunakambidwe. Gwira bwino pamenepo, Mwandida, mano ake a nkhaniyi ali pamenepo.

Woweruza anali Bilimankhwe, ndipo mayendedwe ake ukuwadziwa. Pofika pampando dzuwa lili pamutu, diso lina kwa uyu, lina kwa uyo, n'kungoti, "Mlandu ndausuntha, mudzabwere mwezi ukaoneka." Ulendo wina akuti mboni Mfuko dzuwa lamuthobwa m'maso. Ulendo wina akuti mapale a mtsuko aiwalika kunyumba. Malichero okha ndi amene sankaiwalika.

Njati anabwera ku ofesi, chingwe chili paphewa. "A meya, mitambo yayamba kuda. Mitengo ija ndiyambe liti?"

"Dikira tiwine kaye," anatero Nungu.

Mvula sidikira kuti munthu awine. Inagwa m'mawa wa tsiku la mlandu, mtsinje unadzaza, mlatho wachiswe uja unapita ndi madzi ngati phesi. Nungu ndi Nkhanga anakumana pagombe, onse atavala zakukhoti, onse osowa powolokera. Nkhanga mapiko ali nawo, inde, koma amauluka ngati wakhuta, mtsinje wodzaza sangaudumphe.

Kumwamba kunadutsa akhwangwala aja, phiko ndi phiko. "Musavutike, makasitomala, ife tikakuimirirani! Malichero tidzatenga madzulo!" Anakatera tsidya panthambi imodzi, n'kumapesana nthenga, akuseka chikhakhali. Iwowo mlatho ankaufuniranji?

Nkhanga anatembenukira kwa Nungu. Kenako anafunsa, "A meya, loya wanuyo mumamulipira ndi chiyani?"

"Mapira a khonsolo."

"Nanga mapira a khonsolo amachokera kuti?"

"Kwa inu apamsika."

"Ha! Ndiye ine ndikudyetsa wanga kuti andimenyere nkhondo, n'kumadyetsanso wanu kuti azindimenya? Ndinabereka mapasa osadziwa!"

Nungu anafuna kuimika minga, koma potembenuka anaona amene anaima kumbuyo kwake. Mbuzi anali ndi thumba la chimanga kumutu. Gwape anali atabereka mwana wamalungo, thupi lili moto. Onse anangomuyang'ana. Minga ija inayamba kugona, umodziumodzi.

"Mayi Nkhanga," anatero chapansipansi, "pepani."

"Mwati chiyani? Madziwa akusokosa."

"Ndati pepani!"

"Ohoo, tsopano ndamva. Ndalandira, bambo. Koma mtsukowo ukhale wakukamwa kwakukulu, osati timiphika ta ndiwo."

Pomwepo Njati analowa m'madzi, n'kuwolotsa Gwape ndi mwana wake pamsana, nafika kuchipatala, ndipo mwanayo anachira. Nungu atatsegula nkhokwe anapeza mapira angotsala pansi penipeni, okwana mtengo umodzi wokha. Njati anati bola umodziwo, n'kuukoka tsiku lomwelo. Unali kamlatho kopapatiza, kowoloka mmodzimmodzi, koma ufa unkafika m'makomo. Awiri akakumana pakati, wina ankangoti pepani n'kubwerera m'mbuyo, ndipo palibe anathyoka khosi chifukwa cha liwu limenelo.

Nungu anagula mtsuko ndi mapira a m'munda mwake. Thobwa loyamba la mumtsukowo anamwa ndi iye, koma analipira, Nkhanga si wa masewera. Chaka chotsatira nkhokwe inadzazanso, mlatho anawonjezera mitengo.

Akhwangwala aja atabwera madzulo a tsiku la mvula lija kudzatenga malichero anapeza mlandu watha, nkhokwe yauma. Mpaka lero makolala sanavule. Ukawaona akuzungulirazungulira pamsika, dziwa kuti akudikira wina aswe mtsuko. Bilimankhwe naye akuti adakali m'njira, akupita kukapereka chigamulo.

Phunziro: Pepani sadya lichero. Khonsolo ikamalimbana ndi anthu ake kukhoti, nkhokwe imene ikutha ndi ya anthu omwewo, ndipo okhuta ndi amene ali ndi mapiko.

Tsopano bwereza. Ayi, foniyo isiye pomwepo, siithawa. Uyambire pa Mfuko ndi ngalande yake, ufike pa phunziro, ndipo ukadumpha mawu a Nkhanga pagombe paja uyambiranso.