Masheya a Ana Amasiye ndi Mzere wa Pakhonde

Che Amidu Likongwe, wogulitsa malata ndi misomali ku Limbe, anafika kwa Shehe Silaji itangotha swala ya Asr, pemphero la chakumadzulo, nkhope ili yakugwa. Anali munthu wodzimva, wa mtundu uja woti ukamufunsa nthawi amakuuzanso mtengo wa wotchi yake. Koma tsiku limenelo ankalankhulira pansi.

Atapatsana salamu, anakhala pamkeka n'kufotokoza chomwe chinkamudya mumtima. Mchemwali wake atamwalira, chuma cha ana atatu amasiye chinasiyidwa m'manja mwake. Iye anachigulira masheya m'kampani ina yoyenga mafuta ophikira, atafufuza bwino kuti malonda ake ndi a halali, ololedwa m'Chisilamu. Tsopano kwa masabata awiri mtengo wa masheyawo unkangotsika. Pagulu la pafoni la anzake ogula masheya aliyense ankagulitsa. Uyu ankati kampaniyo ikugwa, ndipo ukamufunsa kumene wazimva ankaloza mnzake, mnzakeyo n'kulozanso wina. Che Amidu ankafuna kugulitsa mawa lake, ngakhale moluza, ndipo ankaopa kuti adzayankha chiyani pamaso pa Allah za chuma cha anawo.

Shehe anavomera modzichepetsa kuti za masheya sazidziwa, sanagulepo ngakhale imodzi. Anangofunsa ngati fakitale yatsekedwa, kapena ngati anthu aleka kukazinga mandasi. Che Amidu anati ayi, malole akutulukabe odzaza, ndipo lipoti lomaliza la kampaniyo linaonetsa phindu. Apo kudzimva kuja kunadzukanso pang'ono.

"Komatu Shehe, mtengo sunama. Anthu ochuluka chonchi sangalakwitse onse nthawi imodzi."

"Che Amidu, Lachisanu lapitali munaswalira pati?"

Iye anayankha mwamanyazi kuti anachedwa, motero anaima pakhonde la mzikiti.

"Ndiye mukukumbuka kuti magetsi anazima, chimkuzamawu n'kukhala chete. Mkulu wina wa pakhomo anawerama kuti atole magalasi ake omwe anagwa. Mzere wa kumbuyo kwake unawerama poganiza kuti imamu, wotsogolera swala, wawerama, wotsatira nawonso chimodzimodzi, mpaka onse a panja. Nthawi yonseyo imamu anali chiimire, akuwerengabe sura ya m'Korani."

Che Amidu anagwira pakamwa, kenaka anaseka, koyamba m'masabata awiri. Nayenso anali m'gulu la owerama aja, ndipo anawerama mwaulemu wonse. Mtima unakhala m'malo, chifukwa anaona kuti chimene chinkamusowetsa mtendere sichinali kugwa kwa kampani, koma misana ya anzake. Komabe anafunsa, tsopano mofatsa, ngati tanthauzo lake n'loti asagulitse.

"Zimenezo sindinanene, mwana wanga. Nthawi zambiri mzere umawerama chifukwa imamu waweramadi, ndipo wotsalira ndiye wolakwa. Koma amene ali kumbuyo sangadziwe poyang'ana msana wa mnzake. Chuma cha anawo simunachitaye, chikadali m'manja mwanu. Sunthirani kutsogolo: werengani mabuku a kampaniyo, funsani odziwa ntchitoyi omwe si a pagulu lanu lija. Mukapeza kuti ikugwadi, gulitsani, ndipo Allah akudziwa kuti munayesetsa. Koma musagulitse tsogolo la ana amasiye chifukwa choti munthu wina wagwetsa magalasi."