Injiniya ndi Khadi Lalikulu Kuposa Onse

M'kuyendayenda kwangaku ndatola nkhani zambiri, koma iyi ndinaimva kwa mayi wina wogulitsa zipangizo za mafoni, mvula itanditsekera pakhonde la shopu yake.

Kuseri kwa shopuyo kunali galaja yomata matireyi a mazira m'makoma, mwini wake ankamutcha Injiniya. Dzinalo sanalipeze kusukulu ayi. Anangogula makina ojambulira nyimbo, aja olandira mayikolofoni asanu ndi atatu nthawi imodzi, iliyonse m'njira yakeyake. Kuyambira tsikulo kufunsa kunakhala ntchito ya anthu ena.

Apongozi ake aamuna anali oimba akalekale, ndipo madokotala anali atawaikira tsiku la opaleshoni ya pakhosi. Anawauza mosapsatira kuti mawu oimbira mwina sadzabwereranso. Kutatsala tsiku limodzi, mkuluyo anasonkhanitsa anzake, nkhalamba zisanu za magitala ndi ng'oma, kuti nyimbo zawo zijambulidwe.

M'mawa wa tsikulo Injiniya analowa m'shopu muja kudzagula khadi la memore, lija losungira mawu.

"Ndipatseni lalikulu kuposa onse."

"Makina anuwo amalandira lotani?" anafunsa mayiyo. "Makina oterewa amasankha ngati mwana wa bwana. Amafuna khadi lothamanga, kukula kokha sikukwanira. Mwaona mndandanda wa makhadi oyenera m'buku lake?"

"Mayi, inu zigulitsani machaja. Za mawu tisiyireni eniake."

Anasankha khadi lonyezimira, la nambala yaikulu pachikuto, lija anthu amasungiramo zithunzi za ukwati. Analiyesa ndi mayikolofoni imodzi, nati "wani, thu," ndipo linamuyankha mwaulemu.

Nkhalamba zinafika zitavala masuti onunkha sutikesi. Ng'oma inalira, apongozi anatsinzina, nyimbo inayamba. Mawu a m'mayikolofoni onse anakhamukira pakhadi paja ngati anthu asanu ndi atatu olimbirana khomo limodzi. Pasanathe mphindi, kagetsi kofiira kosonyeza kuti makina akujambula kanazima, ndipo pakagalasi ka makinawo panatuluka uthenga woti khadi likuchedwa.

Injiniya anauona. Shopu inali kuseri kwa khoma pomwepo, koma aimike apongozi pakati pa nyimbo, anene ndi pakamwa pake kuti wagula khadi lolakwika? Anakanikiza mahedifoni m'makutu, nayamba kugwedeza mutu, chala chachikulu chili m'mwamba.

"Zikumveka, akamwini?" anafunsa mkuluyo nyimbo itatha.

"Ngati pawailesi, bambo."

Pa nyimbo yachiwiri anayatsanso makina, akupemphera chamumtima. Kagetsi kanazimanso. Yachitatu chimodzimodzi, mpaka yachikhumi. Kakazima, iye amagwedeza mutu mowonjezera, mpaka woimba ng'oma anamuyamikira: "Mkamwini wanuyu nyimbo amaimva ndi thupi lonse!"

Dzuwa litapendeka mawu a apongozi anali atasasa. Anakhala pampando, napempha madzi ofunda.

"Tatiikirani timve."

Makina anaimba: "Ndili mnyamata ndinkati..." Zii. Kenako ina: "Amayi musalire, ine..." Zii. Nyimbo khumi, mitu yokhayokha, matupi palibe.

Mkazi wa Injiniya anaima pakhomo, kapu ya madzi ili m'manja. "Bambo, zotsalazo mwazisunga kuti?"

"Makinawa akuzikonza kaye," anatero Injiniya, maso ali pa nthambo.

"Akonza mpaka liti? Bambo angawa akugonekedwa mawa."

Apongozi anapukuta gitala yawo pang'onopang'ono, naiika m'chikwama.

"Tsiku lonse mumavina chiyani nanga, akamwini?" ananong'ona motero, natuluka.

Opaleshoni inayenda bwino, mkuluyo ali moyo, koma kuimba kunathera m'galaja muja. Patapita sabata Injiniya anagula khadi loyenera. Iye sanapiteko kushopu kuja, anatuma mkazi wake, atamulembera pakapepala namuuza kuti akanene kuti ndi la mlendo.

Akale anaziona izi asanabwere makina: mbewa ya manyazi inafera kuuna.