Ndinangowerenga, Sindinakopere

Idrisa Chikwanje anafika pamzikiti wathu ku Liwonde swala ya Asiri, pemphero la chakumadzulo, itangotha. Ine, amene ndimaphunzitsa ana a madrasa pamenepo, ndinali pakhonde ndi Shehe Amidu Likwata, mphunzitsi wathu wokalamba, yemwe analoweza Kurani yonse koma sakonda kuti anthu azimutamanda nazo.

Idrisa ndi katswiri wa makompyuta, ndipo ngati simukudziwa amakuuzani yekha. Atapereka salamu, anafotokoza kuti wapanga pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, yakeyake, yaulere, yotha kutsegula mapulogalamu a kampani ina ya kunja. Lachisanu ankakaipereka kusukulu za m'boma lathu, ndipo ankafuna Shehe akachite duwa, pemphero lopempha madalitso, pamwambowo.

"Koma a nsanje akuti ndaba, Shehe," anatero Idrisa. "Loya wandiuza kuti lamulo silikuletsa. Tsopano ndimve kwa inu kuti ndi halali, chipembedzo chikulola, akhale chete."

"Mwana wanga, za makina ine ndine mbuli, mundithandize," anayankha Shehe. "Telala akasokera kanzu munthu amene kale ankasoketsa kwa telala wina, waba?"

"Ayi, Shehe."

"Ndiye ngati munangoyeza kunja n'kusoka ndi nsalu yanu, palibe mlandu. Ndi halali."

Idrisa anandiponyera diso ngati ndine ndinamuneneza. Anali atayamba kale kusaka nsapato zake.

"Takhalani pang'ono," anatero Shehe. "Muyesowo munaupeza bwanji?"

Idrisa anakhalanso pansi mosangalala, poti nkhani inali yonena za iye. Anati kwa zaka zambiri ankayesa mapulogalamu aja, kuona mmene akuyankhira, n'kumalemba zake. Gawo limodzi lokha ndilo linamukanika, lotumiza zolemba kumakina osindikizira.

"Pamenepo mnzanga amene anagwirapo ntchito kukampaniko ananditumizira malemba a m'kati mwa pulogalamu yawo, aja saonetsa munthu. Koma ndinangowerenga, Shehe. Sindinakopere ngakhale mzere umodzi. Ndinawafufuta, n'kulemba za m'mutu mwanga."

Ananena zimenezi mutu uli m'mwamba. Ine ndinagwira pakamwa. Ndinachita mantha ndithu, chifukwa ndinaona zala za Shehe zitaima pa tasibihi, mikanda yake yopempherera, ndipo zala zimenezo siziima wamba.

"Subuhanallah," anatero Shehe chapansipansi. "Mnzanuyo eniake anamusungitsa malembawo, iye n'kukutsegulirani, inu n'kuwerenga?"

"Kamodzi kokha, Shehe. Mwina kawiri."

"Munawamvetsa?"

"Ine chinthu ndikachiona sindiiwala," anayankha Idrisa, ndipo mawuwo atatuluka m'pamene anazindikira kuti wadziwotcha yekha. Nkhope inagwa. Thukuta linayamba kutsika m'khosi mwa malaya ake okwera mtengo aja, moti ngakhale ine amene ndinkamuseka mumtima ndinamumvera chisoni.

"Shehe, anthu aitanidwa kale," anatero Idrisa. "Popanda gawolo sukulu sizingasindikize mayeso. Chabwino, ndilichotsa. Ndilembanso ndekha mwanjira ina, lisafanane n'komwe ndi lawo. Mukachita duwa, eti?"

Shehe anamuyang'ana mwachifundo, n'kupukusa mutu.

"Mwana wanga, ine ndikamalemba ndime ya Kurani pabolodi, buku silikhala m'manja mwanga. Kodi mawuwo amasanduka anga? Chimene diso laloweza, dzanja limachitsata, ngakhale mwini wake atalumbira. Chotsani gawolo. Alilembe munthu amene sanaonepo malemba aja, ndipo inu musamunong'oneze kanthu, musasuzumire n'komwe. Iye akamaliza, ndiitaneni, duwa ndidzachita ndi mtima wonse. Ntchitoyi ndi yanu, ndipo ndi yabwino. Koma m'dziko lonseli pali munthu mmodzi amene saloledwa kuimaliza, ndipo munthuyo ndi inu."