Sakhwi, Nsungwi ndi Ufa wa ku Mwezi

Nthano iyi anandiuza ndi a Nikodemo Kachingwe, atelala a pakhonde la sitolo ku Nathenje, tsiku limene ndinkadikira kuti amalize kusoka bulauzi yanga ya Chigwirizano. Iwo ankati anali mnyamata pamene wailesi inalengeza kuti anthu aponda pamwezi, ndipo nthanoyi inabadwa chaka chomwecho. Anatisiya kale, Mulungu awasunge. Ine ndangoyala mawu awo monga ndinawamvera.

Chaka chimenecho mvula inadula msanga, kutchire kukhala njala. Amene anali ndi kanthu anali awiri okha: a Njati, amene anakolola mawere pang'ono kudambo, ndi a Njiri, amene akazi awo anasunga nkhokwe ya mtedza. Sakhwi, kanyama kaliwiro kaja, analibe munda, analibe nkhokwe. Nthawi imeneyo mphuno yake inali yaifupi ngati ya mbewa, ndipo chuma chake chonse chinali makutu ndi pakamwa.

Tsiku lina akutolera nyenyeswa kuseri kwa nyumba ya anthu, anamva wailesi ikusimba za amuna amene anakwera chombo cha moto nafika kumwezi. Anatchera khutu. Anamva kuti anawatsekera m'kachipinda kakang'ono, kuti ponyamuka anawerenga chobwerera m'mbuyo, kuti kumeneko ankayenda chodumphadumpha, ndipo anabwerako ndi miyala ndi fumbi, chombo chawo n'kugwera m'nyanja. Anamvanso kuti atafika anawabindikiritsa masiku ambiri, akungodya osagwira ntchito. Mawu otsirizawa Sakhwi anawakonda koposa.

Madzulo dzuwa lisanalowe, mwezi uli mbee kumwamba, anakapeza a Njati ndi a Njiri pansi pa mkuyu, nawafotokozera zonse.

"Alamu anga, kuyera mukuona kuja ndi ufa," anatero Sakhwi. "Anthu apitako, koma mwa kupusa kwawo atola miyala n'kusiya ufa."

A Njati anati ngati ndi choncho apita okha mawa lomwe. Sakhwi anawayang'ana kuyambira kuziboda mpaka kunyanga, nafunsa mwaulemu kuti kodi ndi nsungwi iti ingawaponye kumwamba. Wopita ayenera kukhala wopepuka. Iye adzipereka, ngakhale mtima uli phaphapha. Chimene akupempha ndi mwambo wokha basi: wapaulendo sanyamuka chimanjamanja, abale amamumangira kamba wa panjira.

Mwambo ndi mwambo. Anamumangira phukusi la mtedza ndi mawere.

M'mawa a Njati anakoka nsungwi yaitali ndi nyanga zawo mpaka nsonga inagunda pansi. Sakhwi anakhala pansongapo ndi phukusi lake. Anawalangiza kuti onse atsinzine, chifukwa kunyamuka kwa kumwezi kumachititsa khungu, ndipo a Njati awerenge chobwerera kuyambira khumi. Apa ndiye panali ntchito. A Njati anati khumi, nati zisanu ndi zinayi, nasokoneza, nayambiranso. Pamene ankalimbana nazo, Sakhwi anatsika mwakachetechete, nakoka phukusi lake m'udzu mpaka m'mphako ya mlambe. Nsungwi inadzuka yokha, fyuu, yopanda kanthu. Atatsegula maso, a Njiri analumbira kuti aona kadontho kakulowa m'mitambo.

Sakhwi anadya, nagona, nadyanso. Phukusi litatha anagubuduka m'phulusa la palupsa, natola mwala, nabwerera kumudzi akudumpha pang'onopang'ono. Anati miyendo idakazolowera kumeneko. Atamufunsa za ufa, anati ulipo wochuluka, koma uli pansi pa mwala, ndipo chibenthu chake ndi ichi. Ulendo wina adzakumba.

"Koma musandikhudze," anatero. "Wochokera kumwezi amabindikira kaye, pamalo posagunda pansi, kuopa kupatsira nthaka matenda."

Anayang'anayang'ana m'mudzi monse, ndipo nyumba yosagunda pansi inapezeka imodzi yokha: nkhokwe ya a Njiri. Mayi Njiri anang'ung'udza, koma amuna awo anawakhalitsa chete. Anati si banja lililonse limene limagoneka mlendo wochokera kumwezi.

Ulendo wachiwiri phukusi linakula, popeza wokumba mwala amafuna mphamvu. A Njati anakokanso nsungwi, nasokonezanso kuwerenga, ndipo a Njiri anaonanso kadontho. Sakhwi anabwerako ali tuu ndi phulusa, masaya atatuluka. Anati ufa waufika, walawako, ndi wotsekemera ngati wa mapira, kungoti anaiwala thumba. Nakweranso m'nkhokwe.

Mayi Njiri atasuzumira m'nkhokwemo mtima unawawa. Mtedza wotsala unali wa mbewu wokha. Ukatha umenewo, mvula ikadzabwera adzabzala chiyani?

Tsono Sakhwi ali ndi khalidwe limodzi limene sangalisiye ngakhale atalumbira. Njira yake safuna ikhale ndi zinyalala. Akamadutsa, kakhale katsamba, kakhale kamtengo, amakankhira pambali ndi phazi. Tsiku lina Mayi Njiri akutola nkhuni anaona kanjira kosesedwa bwino, koyera ngati pabwalo la mkwatibwi, kuyambira patsinde pa nsungwi. Anakatsata. Kanawafikitsa pamlambe, ndipo m'mphakomo munali makoko a mtedza mulu, ndi luzi limene iwo omwe anamangira phukusi. Anasenza nkhuni zawo, nabwerera osauza munthu.

Pa ulendo wachitatu Sakhwi anapempha mtedza wonse wotsala, ati uwu ndiwo ulendo wa thumba. Mayi Njiri anavomera mwansangala, mpaka amuna awo anadabwa. M'mawa anafika pansungwi atanyamula chipanda chachikulu ndi chitsononkho.

"Alamu, munatiuza nokha kuti anthu aja anawatsekera m'kachipinda," anatero Mayi Njiri. "Ife takhala tikukuponyani pamtetete ngati mulibe abale. Lero mulowe umu."

Sakhwi anati chipanda chilemera. Mayi Njiri anati ndi chouma, ngakhale mwana achinyamula. Sakhwi anati phukusi silikwanamo. Iwo anati phukusi lidikira pansi, popeza kumene akupita kuli ufa wotsekemera. Sakhwi anakumbutsa za kutsinzina. Iwo anati maso awo akalamba kale, alibe chotaya.

"Nanga kuwerenga? A Njati ayambe, musawafulumize."

"A Njati atopa. Lero ndiwerenga ndine."

Asanapeze bodza lina anali kale m'chipanda, chitsononkho chitatseka pakamwa pa chipandacho. Anachikoleka pansonga ya nsungwi, imene a Njati anali ataikoka kale. Mayi Njiri sanayambire khumi. Anangoti ziwiri, chimodzi, a Njati n'kusiya.

Tsiku limenelo Sakhwi anauluka zenizeni. Pa kamng'alu ka chipanda anaona mlambe wake ukuchepa mpaka kukhala ngati bowa, dambo lonse ngati mphasa. Anayang'ana mwezi, koma unali patali pomwe paja, osasendera ngakhale pang'ono. Anapemphera pemphero lalifupi, lopanda bodza, loyamba m'moyo wake. A Njiri pansi anati kadontho ka lero kakuoneka bwino kuposa masiku onse.

Chipanda chinagwera m'dziwe la kudambo, phava, monga anthu aja anagwera m'nyanja. Chinang'ambika, Sakhwi n'kutuluka chamutu, mphuno n'kuzikika m'dongo lomata. Ali chikakamire, anamva nthaka ikugunda. Mayi Njiri anali atawaonetsa a Njati kanjira kaja ndi makoko aja, ndipo a Njati ankabwera nyanga zili pansi. Sakhwi anakoka, mphuno osatuluka. Anakokanso, mphuno ikungotalika. Ziboda zitafika m'mphepete mwa madzi, anakoka kotsiriza, thu, nalowa m'bango.

Ali pakati pa bango, pamene nyanga sizifika, anafuula akuseka: "Musavutike kupitako, alamu. Ufa uja anankafumbwe anautha!"

Mtedza wa mbewu unatsala, ndipo mvula itabwera Mayi Njiri anabzala. Sakhwi anatsala ndi mphuno yaitali, ndipo mpaka lero akusesabe tinjira take, wosaphunzira.

Atafika apa a Kachingwe anadula ulusi ndi mano, nandipatsa bulauzi yanga, nati:

"Mayi, kumwezi anthu anapitako ndithu, ine sinditsutsa. Koma amene anapitako kawiri osachoka pansi, n'kulephera tsiku limene anauluka, ndi Sakhwi yekha."